Mfuti Yotsiriza ya Hollis Pruitt

Verna Pruitt anayamba kugogoda makoma a nyumba yake pa msinkhu umene akazi anzake a kutchalitchi anali atakhala pansi n'kumalukira adzukulu zipewa. Ankagogoda ndi msana wa supuni, khutu ataligunditsa kuthabwa, kumvetsera ngati m'katimo muli mphako. Go go go pabalaza, go go go m'kanjira kopita kuchipinda, kenako n'kugwada, mawondo akulira, kukagogoda masitepe. Wodutsa akanati mayiyu mutu wasokonekera, chonsecho wodwala m'nyumbamo sanali iye. Wodwala anali mwamuna wake, Hollis, amene ankamutsatira pambuyo, manja atapinda kumsana ngati kapitawo woyendera ntchito.

"Mukusaka chiswe, mayi?" anafunsa Hollis mwaulemu wonse. Chiyambire nyengo yotentha sankamutchulanso dzina mkazi wakeyo. Ankamuyesa mayi wina wachifundo wobwera kudzathandiza ntchito.

"Ndikusaka mfuti ya bambo anu, a Hollis. Kamfuti kakafupi kaja, kong'aluka chogwirira. Munakaika pati?"

Hollis anamwetulira, maso ake n'kuwala kamphindi ngati kale. "Malo obisika akadziwa anthu awiri, mayi, pamenepo ndi pamsika."

Mawu amenewa aliyense wa kuno kumapiri a Ozark anawamvapo, chifukwa Hollis anawalankhula moyo wake wonse. Zambiri zinali zitachoka m'mutu mwake, ngakhale dzina la mwana wake, koma mwambi wakewu unakakamira. Verna anafuna kumugenda ndi supuni ija. M'malo mwake anaitembenuza n'kupitiriza kugogoda.

Kuno kwathu mfuti si nkhani. Munthu akati alibe mfuti m'nyumba timamufunsa ngati anagulitsa chifukwa cha mavuto. Ukaimbira apolisi foni amafika khofi atazirala, wakubayo atafika kale kwawo n'kusamba. Choncho bambo ake a Hollis ankapachika mfuti zawo pamwamba pa chitseko, poyera, monga ankachitira aliyense masiku amenewo. Tsiku lina banja lonse lili kumaliro a agogo, akuba analowa n'kusesa zonse. Kanapulumuka ndi kamfuti kakafupi kokha, chifukwa mkuluyo anali atapita nako kumanda m'thumba la jekete. Hollis anali mnyamata nthawi imeneyo, ndipo anaona bambo ake ataima kakasi kuyang'ana misomali yopanda kanthu.

Kamfuti komweko ndi kamene Hollis anafunsirira nako Verna, ngati kumeneko tingakutche kufunsira. Mnyamatayo anali wosalankhula, pamene Verna pakamwa pake sipankakhala ntchentche. Anamutengera kumtsinje, n'kundandalika zitini pachipika, n'kuyamba kuzigwetsa osanena kanthu. Verna atatopa ndi kuonerera anati, "Tandipatsani ndione, kapena munandiitanira kudzatola zitini?" Hollis anakatsegula pamimba, n'kukhuthulira zipolopolo m'dzanja lake, n'kukatembenuza kuti chogwirira chiloze kwa Verna. Linali lamulo la bambo ake: mfuti sapatsana ili ndi chakudya m'mimba. Verna akuti anagwa naye m'chikondi pomwepo, poona kusamala kwa manja ajawo.

Hollis anakhala kalipentala, wopanga makabati ndi matebulo. Akanakhala wotero mpaka kukalamba pakanapanda zimene zinachitika kwa aneba awo chaka chimene Verna anabereka Charlene, mwana wawo yekhayo. Kamwana ka anebawo kanapeza mfuti ya bambo ake m'dilowa ya masokosi. Usandifunse zambiri. Bokosi lake anakhoma ndi Hollis, la mkungudza, lalifupi moti analinyamula ndi mkono umodzi. Atabwerera kumanda anakhala m'shedi yake osadya, ndipo atatulukamo anali ndi mantha awiri amene sanamusiyenso: wakuba ndi mwana.

Zibokosi zachitsulo zosungiramo mfuti ankazinyoza. Ankati chibokosi chotere chimauza wakuba kuti katundu ali muno, ndipo mwini nyumba akadzidzimuka, pomwe azikumbukira manambala otsegulira amakhala atamangidwa kale manja. Iye anayamba kubisa mfuti m'zinthu zimene maso anazizolowera. Shelefu yoikapo zithunzi za ukwati, ukaigusa ndi maginito pakona, pansi pake pankatseguka. Kalilole wa m'kanjira ankasendera kumbali. Sitepe ina inkadzuka, mutu wa bedi unkayasama, wotchi yapakhoma inali ndi mimba. Mwana akanakula m'nyumba yotere mpaka kukwatira osadziwa kanthu. Anthu anayamba kubwera ndi mapikapu kuchokera kutali, chifukwa amuna a kuno amakonda chinsinsi kuposa nyama yootcha.

Anali ndi kagwiridwe kake ka ntchito kamene sankasintha. Akamaliza kukhoma, ankatulutsa aliyense m'nyumba, n'kutsala ndi mwini mfuti yekha. Ankamumanga m'maso ndi kansalu kopukutira mbale, n'kumuuza kuti achoke pampando, apite pamalopo, atsegule. Akatsegula ankati abwerezenso. Ankabwereza mpaka munthu wamkulu, dikoni wa tchalitchi, atatuluka thukuta n'kuyamba kutukwana.

"Tukwanani, koma bwerezani," ankatero Hollis. "Mantha akabwera mutu umathawa. Amatsala ndi manja."

Iye mwini ankachita zomwezo m'nyumba mwake Lamulungu lililonse, Verna akatsalira kutchalitchi kutsuka mbale za chakudya chapamodzi. Malo ake ambiri anamuonetsa mkazi wake, ndipo Verna sanafunsepo ngati panali ena. Anali ndi zake zomutangwanitsa: kuphikira ana kusukulu, kulera Charlene, ndi kulankhula m'malo mwa anthu awiri. Ankangoti mwamuna wake ndi gologolo, amakwirira zinthu n'kumasangalala yekha.

Matenda oiwala anabwera monyang'ama. Tsiku lina Verna anapeza macheka m'firiji. Tsiku lina Hollis anasochera pochokera kutchalitchi, msewu umene anauyenda kuyambira ali wakhanda. Dokotala wa m'tauni sanazungulire. Anati makiyi a galimoto achoke, ndipo mfuti zonse zituluke m'nyumba. Verna anaitana mlongo wake wamng'ono, Dewey, nkhalamba yovutika bondo ndi makutu, amene pakamwa pake pamafanana ndi pa achemwali ake. Anatsegula shelefu, kalilole, sitepe, bedi ndi wotchi, n'kukulunga mfutizo m'mabulangete. Hollis anakhala pakhonde n'kumawabayibitsa, akuyesa ndi makasitomala odzatenga katundu wawo. Kamfuti ka bambo ake sikanaoneke, ndipo Verna anadzitonthoza kuti mwina anapatsa munthu kalekale.

Anadzitonthoza mpaka m'mawa wina pamene ankasesa pabalaza. Hollis anatuluka kuchipinda, n'kumuyang'ana ndi maso amene Verna anali asanawaonepo.

"Ndinu ndani? Mwalowa bwanji muno?"

"Ndine, a Hollis. Ndine Verna."

"Verna ndi mkazi wanga. Inu ndinu ndani?"

Asanayankhe, dzanja la Hollis linali litafika kale pakalilole. Munthu amene sankathanso kumanga mabatani a malaya ake anasendeza kalilole uja mwamsanga ngati mphezi, n'kupisa dzanja m'katimo. Munalibe kanthu. Anayang'ana dzanja lakelo modabwa, n'kuyang'ana Verna, mkwiyo uja n'kusungunuka. Anafunsa ngati khofi wapsa. Verna anakakhala pansi m'bafa. Anachita mantha ndi mwamuna wake kwa nthawi yoyamba chikwatiranire, ndipo manthawo anamuchititsa manyazi.

Patangopita masiku ochepa anapita kumsewu kukatenga makalata. Pobwera anapeza Hollis ali phee pampando wake. Atamugwira dzanja kuti amudule zikhadabo, anamva fungo limene mkazi aliyense wa kuno amalidziwa ngakhale ali m'tulo: mafuta opukutira mfuti. Botolo la mafutawo anali atapita nalo Dewey. Ndiye kuti penapake m'nyumbamo panali kansalu ka mafuta, ndipo kansaluko sikanali kokha. Hollis ankakachezera kamfuti kaja mkazi wake akangotembenuka.

Verna analakwitsa pouza Charlene pafoni. Charlene amakhala ku Tulsa, ndipo ana athu akapita kutauni amayamba kulankhula ngati madokotala.

"Amayi, basi. Malo ndawapeza kale, kosungirako okalamba. Ndi kwaukhondo, anamwino usana ndi usiku."

"Bambo ako si katundu woti ukasungitse."

"Nanga mukufuna adzakuwombereni? Kapena awombere mlenje wosochera? Nyengo yosaka agwape yayandikira, amayi. Anthu azigogoda pakhomo panupo kupempha kudutsa m'munda. Mukapanda kuipeza mfutiyo alenje asanayambe, ndikubwera kudzawatenga. Mukwiye, musakwiye."

Verna anadula foni, koma ankadziwa kuti mwanayo sakunama. Kunyumba za okalambako anali atapitako kukaona anzake. Anaona amuna amene kale ankagwetsa mitengo atawandandalika kutsogolo kwa kanema, pakamwa pali yasa. Hollis, amene chikwatirire sanagonepo kunja kwa nyumba yokhoma yekha, kumeneko akanangofota. Kamfutiko kakanapezeka akanakhala pakhomo pake, kakanapanda kupezeka akanapita. Ndi mmene supuni ija inayambira ntchito.

Masamba anayamba kufiira m'mapiri, ndipo Verna sankakhazikika. Akaika nyemba pamoto ankaziiwala n'kukagogoda kuseri kwa kabati. Akakhala pansi kuti amwe khofi, diso linkagwera pa thabwa lina la denga, n'kudzuka kukatenga makwerero. Anayesa kunyengerera ndi chikondamoyo chotentha chopaka batala. Hollis anadya, n'kuthokoza, n'kubwereza mwambi wake wa pamsika. Anayesa kunamizira kuti akuchoka, n'kuzungulira kuseri kukasuzumira pawindo. Anaima m'maluwa mpaka msana kuwawa, ndipo Hollis anangokhala pampando kuyang'ana zala zake. Vuto linali lakuti nyumba yonse anakhoma ndi iye. Thabwa lililonse linali lokayikitsa, ndipo thabwa lililonse linkalira mofanana, chifukwa mmisiriyo ankadziwa kuti akuba nawonso amagogoda.

Dewey anabwera ndi chipangizo chake chofufuzira zitsulo pansi, chimene amasakira nacho ndalama zakale m'minda ya eni. Chinangolowa pakhomo n'kuyamba kulira.

"Yapezeka, achemwali!"

"Umenewo ndi msomali, chitsiru iwe."

"Nanga apa?"

"Msomalinso. Nyumba yamatabwa ukufuna aikhome ndi phala?"

"Ndiye alamu anga anaika misomali yochuluka bwanji? Ankaopa kuti nyumba ithawa?"

Chinalira pakhoma lililonse, chinalira pa lamba wa Dewey, chinaliranso pa bondo lake lachitsulo. Hollis anaseka chikhakhali, kuseka kwake koyamba m'miyezi yambiri. Verna sanaseke. Anathamangitsa mlongo wake ndi chipangizo chake chomwe.

Nzeru inamubwerera masana ena, pamene munthu wina kuphiri ankayesa mfuti yake pokonzekera agwape. Kunamveka phuu kamodzi. Hollis, amene podzuka pampando ankafuna kumukoka, anadzambatuka yekha. Anayamba ndawala molunjika, ngati munthu wodziwa kumene akupita. Koma phokosolo silinabwerezenso, ndipo anaima pakati pa balaza, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kubwerera pampando. Verna anangoti chilili ndi supuni yake. Masiku onsewa ankafunsa mutu, chonsecho mwini wake ananena kalekale kuti mutu umathawa. Thumba la tambe amamasula ndi tambe mnzake, ndipo Verna anaona kuti afunika kufunsa manja, m'chinenero chimene manjawo anaphunzitsidwa.

"Ayi," anatero Dewey atamva. Anali ataima pafupi ndi pikapu yake, chipewa chili m'manja. "Ayi, achemwali. Mukufuna ndikamenye chitseko cha munthu amene wabisa mfuti yodzaza? Ndinakulakwirani chiyani? Ngati ndi za njinga yanu ija, tinali ana."

"Ungomenya mwamphamvu, ukuwe, kenako ubisale kuseri kwa chumuni. Ndi yamiyala, chipolopolo sichingaboole."

"Ndi bondo ili?"

"Ine ndidzakhala pambali pawo. Dzanja likangopita pamalopo ndidzaligwira. Ndi nkhalamba, Dewey, ngakhale supuni imawagwa."

Dewey anapukusa mutu. "Kuopseza munthu wodwala ndi tchimo, achemwali."

"Ndikudziwa. Ukuganiza kuti sindikudziwa?" anatero Verna. "Koma akapita kujako sadzabweranso. Undithandiza kapena ndikapemphe wina?"

Nkhanga zinapangana kusanapse. Anasankha masana, dzuwa lili pamutu, kuti Hollis asasokonezeke ndi mithunzi. M'mawa wa tsikulo Verna anamusambitsa, anamumeta ndevu, anamupatsa mazira ndi soseji monga amakondera. Chilichonse chimene ankamuchitira chinkamupweteka mtima, ngati munthu wodyetsa nkhuku imene akufuna kupha. Anamukhazika pampando wake pabalaza, iye n'kuima kumbuyo kwa mpandowo, akunamizira kupukuta fumbi. Anamva pikapu ikuima patali, kenako masitepe a pakhonde akulira.

Chitseko chinagwedezeka ngati chikuthyoka. "Tsegula! Tsegula chitsekochi!" Dewey anakuwa ndi mawu onenepa amene Verna mwiniyo sanawazindikire.

Verna anali atakonzekera kalilole, masitepe, denga, ngakhale pansi pa mpando. Sanakonzekere liwiro. Hollis anadzambatuka, osatembenuka n'komwe, n'kuthamangira kukhitchini akukuwa.

"Verna! Verna!"

Dzinalo linamubaya Verna mpaka anaima kwa kamphindi. Pamene ankafika kukhitchini anali atachedwa. Hollis anali pawindo, pathabwa lalikulu limene anamukhomera chaka choyamba cha ukwati wawo kuti azikandirapo ufa. Pamenepo ndi pamene Verna ankaima m'mawa uliwonse wa moyo wake wa pabanja. Sanapagogodepo, chifukwa panali pake, ndipo ankapadziwa ngati chikhatho chake. Dzanja la Hollis linapita pansi pa thabwalo, kenakake kanalira kuti khe, ndipo kamfuti kong'aluka chogwirira kanali m'manja mwake.

Hollis anatembenuka n'kumuona Verna ataima pambali pa thabwa lake, epuloni ili m'chiuno, kuwala kwa pawindo kuli kumaso.

"Uli pano," anatero. Anamukoka ndi mphamvu imene Verna ankayesa inatha kalekale, n'kumuika kumbuyo kwake. "Khala kumsana kwanga, Verna. Usasunthe."

Kuchokera pamene anaimapo chitseko chapabalaza chinkaoneka bwinobwino. Hollis anali ataziyeza zimenezo zaka zambiri zapitazo. Analozetsa mfuti kumeneko, mkono uli nga, chala chili pa kachitsulo kowombera. Ndipo Dewey, ndi makutu ake akufawo, posamva kanthu m'nyumbamo anaganiza kuti sanamenye mokwanira. Chitseko chinagwedezekanso.

"Dewey, choka pamenepo!" Verna anakuwa ndi mawu amene anamveka mpaka kumsewu. Kunja kunamveka chiphokoso cha munthu wogwa pamasitepe, kenako zii.

Hollis sanatsitse mkono. Dzina la Dewey silinatanthauze kanthu kwa iye. Verna anamva msana wa mwamuna wake ukunjenjemera, malaya atanyowa thukuta, mtima ukugunda ngati ufuna kutuluka. Verna mwiniyo ndi amene anachititsa zimenezi. Anadziwa kuti akalimbana naye kuti alande, mfutiyo ilira. Anamukumbatira m'chiuno pang'onopang'ono, n'kugoneka tsaya pamsana pake.

"Apita, a Hollis. Mwamva? Athawa. Mwawathamangitsa."

"Abweranso."

"Sabweranso. Akudziwa kuti pakhomo pano pali mwamuna."

Anakhala choncho nthawi yaitali. Wotchi yopanda kanthu m'mimba ija inkangogunda pabalaza. Mkono wa Hollis unayamba kutopa n'kutsika pang'ono, koma chala sichinachoke pamalo pake. Verna anayesetsa kuti mawu ake amveke ngati a mtsikana wa kumtsinje uja.

"Kodi si ka bambo anu kaja aka? Papita nthawi. Tandipatsani ndione."

Maso a Hollis anali adakali kuchitseko. Koma manja ake anamva. Chala chinachoka pa kachitsulo kaja. Anakatsegula pamimba, anakhuthulira zipolopolo m'dzanja lamanzere, anakatembenuza kuti chogwirira chiloze kwa Verna. Verna anakalandira n'kukalowetsa m'thumba la epuloni. Anatambasula dzanja lina, ndipo Hollis anathiramo zipolopolo zija, zofunda ndi thukuta lake.

Kenako Hollis anamugwira kumaso ndi manja onse awiri, onunkha mafuta a mfuti.

"Ukulira chiyani iwe? Usaope, Verna. Ine ndilipo."

Verna anafuna kunena zambiri. Mkazi amene sanasowepo mawu moyo wake wonse anangogwira manja ajawo n'kuwakanikiza pamasaya pake kuti asachoke. Anayang'ana m'maso mwa mwamuna wake, ndipo Hollis anali momwemo, yense wathunthu. Anayang'anabe mpaka anaona akuchoka pang'onopang'ono, ngati madzi akuphwa m'sinki.

Verna anapeza Dewey atakhala pansi kuseri kwa chumuni, atagwira bondo, nkhope ili mbuu. Anamupatsa kamfutiko ndi zipolopolo zake.

"Tenga. Upite nako kutali. Umuimbire Charlene, umuuze kuti malo ake aja apatse wina."

"Ndikanafa ine lero," anatero Dewey. Anayesa kuseka koma sizinatheke. Anayang'ana achemwali ake. "Koma ndinamva, achemwali. Ngakhale ndi makutu angawa ndinamva. Anakutchulani dzina."

"Ananditchula."

"Mwinatu," Dewey anazengereza, akutembenuzatembenuza chipewa, "poti tsopano mfuti mulibe, tsiku lina mukadzawasowa kwambiri, ndikhoza kudzamenyanso. Pang'ono chabe."

Ndinganame nditati Verna sanaganizire. Anaganizira. Zinali zapafupi: foni imodzi, chitseko kugwedezeka, ndipo mwamuna wake akanabwera akuthamanga, akuitana dzina lake. Koma tsaya lake linali likukumbukirabe kunjenjemera kwa msana uja.

"Pita kwanu, Dewey," anatero.

Atabwerera kukhitchini anapeza Hollis atagwada, akutseka kachitseko ka pansi pa thabwa mosamala, n'kupukuta ndi mkono wa malaya kuti pasaoneke zala. Anadzuka movutikira, nkhalamba ngati kale.

"Pepani mayi," anatero mwaulemu, "mwamuonako mkazi wanga? Amakonda kuima pano."

"Abwera posachedwa. Khalani pansi, ndikupangireni khofi."

Alenje anayamba sabata yotsatira. Verna anakhoma chikwangwani kumsewu chakuti aliyense wofuna kudutsa m'munda angodutsa, asafike pakhomo. Hollis akadali m'nyumba yake. Nthawi zina amapita pathabwa paja, amatsegula, amatulutsa kansalu ka mafuta kamene Verna anakasiya dala, amakapinda bwinobwino n'kukabwezera. M'mawa amakhala patebulo n'kumaonerera mayi wachifundo uja akukanda ufa pawindo.

"Mumakanda ngati mkazi wanga," anamuuza tsiku lina.

"Ndi wotani mkazi wanuyo?"

Hollis anaganiza nthawi yaitali. "Wolongolola," anatero, n'kumwetulira. "Koma pamene waima m'pamene ndimathamangira."

Verna anapitiriza kukanda osatembenuka. Dzina lake sanalimvenso kuchokera tsiku lija. Abusa, wobweretsa gasi, akazi a kutchalitchi, onse anawauza lamulo latsopano la pakhomopo, ndipo amalisunga. Ngakhale Dewey akabwera masiku ano amangokankha chitseko pang'onopang'ono n'kulowa. Pakhomo pa a Pruitt sagogoda.